Mwana wanga akungofuna makatuni omwe aja a pa fulashi

Amake Tadala, Chilomoni:

Ndikupempha nzeru kwa makolo anzanga. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 2 ndi miyezi 7. Chaka chatha amalume ake anatibweretsera fulashi yodzaza makatuni, ndipo ndinkamuikira pa TV ndikamaphika kapena kuchapa, poti pakhomo pano palibe wondigwirirako mwana. Tsopano pa makatuni onsewo wasankhapo magawo atatu okha, ndipo amafuna omwewo m'mawa, masana ndi madzulo, moti nanenso ndinawaloweza. Ndikazimitsa amadzigwetsa pansi n'kulira mpaka kusasa mawu, ndipo phala samwa ngati TV sikuyaka. Chondidabwitsa n'chakuti magetsi akazima salira kwenikweni, amangoyang'ana n'kunena kuti "yagona", kenako n'kutuluka kukasewera. Bambo ake akuti ndikumulekerera ndipo tingofufuta zonse pa fulashipo. Kodi imeneyi ndiyo njira yake?

Mphunzitsi wa mkombaphala, Zomba:

Amake Tadala, kubwereza gawo limodzi kusakudetseni nkhawa, chifukwa mwana wa msinkhu umenewu amaphunzira chonchi, monga mmene amafunira nthano yomweyo usiku uliwonse n'kukukonzani mukalumpha mawu. Amasangalala chifukwa akudziwa chimene chikubwera, pamene zinthu zambiri za tsiku lake zimangomugwera. Ku America pulogalamu ya ana ya Blue's Clues, yomwe inayamba mu 1996, inkaonetsa gawo limodzi masiku asanu otsatizana mwadala, ndipo kafukufuku amene anasindikizidwa mu 1999 anapeza kuti ana a zaka 3 mpaka 5 ankamvetsa bwino nkhaniyo akaibwereza. Chimene ine ndingayang'ane ndi kuchuluka kwa nthawi. Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO a mu 2019 amati mwana wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku akuonera, ndipo kuchepetsa n'kwabwino koposa. Amatinso azithamangathamanga ndi kusewera mphindi zosachepera 180 patsiku. Katatu patsiku mwina mwadutsa kale ola lija.

Bambo a Mphatso, Leeds:

Mayi, yankho mwalinena kale nokha pa nkhani ya magetsi ija. Mwanayo sakulirira makatuni okha, akulimbana ndi dzanja limene lazimitsa. Pulogalamu ya pa wailesi ya kanema imatha yokha n'kubwera nkhani, pamene chojambulidwa sichitha, ndipo mwana amadziwa bwino lomwe kuti chidakali mommo ndipo amene akumumana ndinu. Mu 2016 ofufuza a ku University of Washington anafufuza mabanja a ana a chaka 1 mpaka zaka 5, ndipo anapeza kuti kuchenjeza mwana kuti "kwatsala mphindi ziwiri" kunkachititsa kuti alire kwambiri, pamene zinkayenda bwino chipangizo chikasiya chokha kapena kuonera kukakhala ndi nthawi yake yodziwika tsiku lililonse. Ine ndinadabwa, popeza kuchenjezako ndi kumene tonse timachita poganiza kuti tikumukomera mtima.

Kwathu kuno tinachita izi. Tinachotsa makatuni onse n'kuwasunga pa kompyuta, pa fulashi n'kusiyapo magawo awiri okha, ndipo tinatseka zoti kanema azibwereza yekha akafika kumapeto. Ma TV ambiri alinso ndi sleep timer yomwe imazimitsa yokha. Pa YouTube n'chimodzimodzi, autoplay, yomwe imayambitsa yokha kanema wina woyambayo akatha, izikhala yotseka. Mwana amasankha yekha gawo lake, likatha amadina yekha batani n'kutsanzika anzake a m'katuniwo. Masiku anayi oyamba analira ndithu, sindikubisirani.

Agogo a Chikondi, Area 25:

Mwanangu, za makinazo akuuzani anzanu, ine ndinene za phala. Mwana amene akudya maso ali pa TV sadziwa kuti wakhuta kapena ayi, amangotsegula pakamwa, ndipo tsiku limene mudzapite naye kumudzi kopanda magetsi mudzavutika. Yambani ndi chimenechi, zina zitsatire. Mukhazikeni pa mkeka pamodzi ndi inu, akakana musamukalipire, vundikirani phalalo mudzamupatsenso pakapita kanthawi. Ndikuchenjezeninso chinthu chimodzi, poti ndaona atsikana ambiri akuchita: musamazimitse magetsi pa mita n'kumunamiza kuti athima. Ana amenewa ndi ochenjera, adzamva wailesi ikulira kwa aneba, ndipo kuyambira pamenepo sadzakhulupiriranso ngakhale magetsi atathimadi. Mukamachapa mupatseni kabeseni kake ndi kansalu azichapa nanu. Adzanyowa, koma zovala zimauma.

Amake Tadala, Chilomoni:

Zikomo nonse. Bambo ake avomera kuti tisafufute, koma pa fulashi tasiyapo magawo awiri, ndipo akuonera kamodzi kokha pomwe ndikuphika nsima ya madzulo. Lero ndi tsiku lachitatu. Dzulo anazimitsa yekha n'kuiuza TV kuti igone, koma atatembenuka n'kundiona anayambanso kulira. Za phala agogo, m'mawa uno wamwa masipuni asanu okha, lotsalalo ndavundikira monga mwanenera.