Ma part omaliza a makatuni akundithawitsira ana pa show, holideyi ndiike chiyani?

Mada, Chibavi: Akuluakulu ndithandizeni, ine mutu waima. Loweruka m'mawa ndimaika makatuni a ana, pakhomo K200, mpira usanayambe masana. Ndinati ndiike Ice Age motsatizana, part imodzi Loweruka lililonse, kuti azibwerabwera. Part 1 ndi 2 mabenchi anadzaza mpaka ena kukhala pansi. Part 3 ya madayinoso ndiye musachite kufunsa. Part 4 anayamba kuchepa. Part 5 ija ya chimwala chogwa kuchokera kumwamba ana ankangocheza, ena kutuluka kukagula zigege n'kubwerera filimu ili pakati, osafunsa n'komwe kuti zatha bwanji. Dzulo ndaika ya Buck Wild, pabolodi ndinalemba Part 6. Isanapite patali kamnyamata kena kanaimirira pabenchi n'kukuwa kuti "amwene, kagologolo kothamangitsa mtedza kali kuti?" Basi onse anayamba kumenya mabenchi kuti ndiwabwezere ndalama. Ena ndinawabwezeradi kuopa phokoso, landilodi amakhala kuseri komweko. Fayilo ndi yoyera, 720, sawundi ili bwino, amplifaya ndakonzetsa posachedwapa. Holide yayandikira ndipo ndimafuna makatuni tsiku lililonse m'mawa. Pa hard drive pali ma Shrek, ma Kung Fu Panda, ma Madagascar, ma Land Before Time mpaka kutopa. Ndiziika onse kapena pali poti ndizilekezera? Osandiuza za DStv, ndilibe ndalama ya bouquet ina.

Madala a ku Zolozolo: Iwe Mada, unaika yomasulira kapena yachizungu?

Mada, Chibavi: Yachizungu madala. Onse kuyambira part 1 ndi achizungu.

Madala a ku Zolozolo: Ndiye vuto ndi limenelo. Mwana wa ku Chibavi amve bwanji chizungu cha m'mphuno chija? Peza yomasulira, DJ aziyankhula Chichewa pamwamba, uona ngati mwana atuluke.

Tione, Katoto: Madala, part 1 mpaka 3 zinalinso zachizungu ndipo anadzaza, ndiye pamenepo simunayankhe. Mada, ya Buck Wild ija usamaitche Part 6. Ma Ice Age asanu enieni anapangidwa ndi situdiyo ya Blue Sky: 2002, 2006, 2009, 2012 ndi 2016. Disney itagula Fox mu 2019, inatseka Blue Sky mu 2021. Ya Buck Wild inatuluka 2022 pa Disney+ basi, sinapite ku sinema, anajambula ndi anthu ena, ndipo mwa oyankhula akale anabwerera ndi Simon Pegg yekha, uja amayankhula Buck. Manny, Sid ndi Diego, nyama zitatu zomwe ndi eni nkhani, ndi mawu a anthu ena. Tayang'ana ubweya wa Manny mu part 3 ndi mu iyoyo, uona kuti wina unachita kugwiriridwa ntchito, wina ndi wongoti bola zithe. Ndipo kagologolo kaja mulibemo. Mwanayo sananame.

Mada, Chibavi: Nanga part 5 poti ndi ya eni ake omwe?

Tione, Katoto: Imeneyo nkhani inali itawathera. Part 1 ndi nyama zitatu zomwe sizikukhulupirirana, zatola khanda la munthu, zikufuna kukalipereka kwa bambo ake. Ngakhale utachotsa sawundi mwana aitsatira. Pofika part 5 gulu lachuluka, muli Ellie, Peaches, Julian, Shira, agogo ake a Sid, Crash ndi Eddie, Buck, aliyense akufuna mpata wake woyankhula. Ndiye mutu wa nkhani ndi woti Manny sakufuna mwana wake wamkazi akwatiwe n'kuchoka pakhomo, komanso waiwala tsiku lokumbukira ukwati wake. Mwana wa Sitandade 2 zimenezo zikumukhudza pati? Olembawo ankatsatira ana amene anaonera part 1 mu 2002, amene pano ndi makolo. Ako a pabenchi si amenewo. Ma Shrek ndi chimodzimodzi, samala. Ya 2001 ndi ya 2004 ika osaopa. Ya 2007 Shrek akuda nkhawa kuti akhala bambo, ya 2010 watopa ndi banja. Ana amangodikira bulu ayankhule.

Madala a ku Zolozolo: Zonsezo DJ wabwino amakonza. Manny akamadandaula za ukwati, DJ amangoti akukana malowolo achepa, holo yonse kuseka. Ine ndinayamba ntchitoyi nthawi ya matepi, tikubweza tepi ndi cholembera deki ikatafuna. Palibe filimu yoipa, pali womasulira woipa.

Mayi a Wongani, Luwinga: Madala ndikupatseni ulemu, koma zomasulirazo kwa ana ayi. Ma DJ ambiri anazolowera mafilimu a nkhondo ndi a karate, pakamwa pawo sipasankha. Ine ndinabenera mayi wina katuni yomasulira, ndinangoona poyambira n'kuti ili bwino. Mawa lake anabwera ndi fulashi m'manja nkhope itasintha, akuti mwana wayamba kutchula mawu ena patebulo pamaso pa apongozi. Kasitomala ameneyo anapita mpaka lero, ndipo anali wobenetsa nyimbo za kwaya mwezi uliwonse. Mada, chilichonse chimene ukuika kwa ana uyambe waonera wekha mpaka kumapeto. Osathamangitsa, osadumpha.

Gift wa pa Depoti: Zimenezo n'zoona. Mnzathu wina, sinditchula dera, anaona chikuto cha masoseji akumwetulira n'kuti ndi katuni ya ana. Inali Sausage Party. Amene mukuidziwa mukudziwa mmene imathera. Makolo anabwera ndi a block leader, show inatsekedwa mlungu wonse, mabenchi anachita kukawombola. Si katuni iliyonse ili ya ana amwene.

Mada, Chibavi: Imeneyo ndikuidziwa, ili mu foda ya akuluakulu. Ine funso langa ndi la ma part.

Mayi a Wongani, Luwinga: Pa Land Before Time ndikuuze ine, chifukwa aphunzitsi a nasale amaifuna kwambiri. Onse alipo 14. Yoyamba ndi ya 1988, ya Don Bluth, Spielberg ndi George Lucas analinso kumbuyo kwake, ndipo inapita ku sinema. Imeneyo ndi filimu. Mayi ake a Littlefoot, kadayinoso kamene ndi mwini nkhani, amafa, ana amakhala chete, ena amalira ndithu. Kuyambira part 2 mu 1994 mpaka yomaliza mu 2016 onse ndi ongotulukira pa tepi ndi pa DVD, Bluth sanakhudzenso, ndipo anayamba kuikamo nyimbo. Nkhani yake ndi imodzi: atuluka m'chigwa osatsanzika, akumana ndi chilombo cha mano, athawa, aimba, abwerera kwawo, alangizidwa. Ali ngati masamba a tiyi ophitsa kachitatu, mtundu ulipo koma kukoma kunatsalira m'kapu yoyamba. Kwa tiana ta nasale ali bwino, sitidandaula kubwereza. Koma ako olipira pakhomo aja, a zaka 8 kapena 10, akugenda.

Tione, Katoto: Ndipo khalidwe lotulutsira pa tepili si iwo okha. Disney inayamba ndi part 2 ya Aladdin mu 1994, Robin Williams mulibemo, Genie anayankhula ndi munthu wina. Itagulidwa kwambiri anaona kuti dzina lokha limagulitsa, ndiye anatsatiza Lion King 2 mu 1998, Cinderella 2, Bambi 2, Mulan 2, ambirimbiri, ndalama yochepa, ojambula ena. Kholo likaona chikuto chodziwika limagula, mwana sanafunsidwe. Masiku ano tepi kulibe koma malo ake alowa ma Disney+ ndi ma Prime. Hotel Transylvania 4 inatulukira pa Amazon mu 2022 popanda Adam Sandler. Moana 2 inayamba ngati sizoni ya pa TV kenako anaisokerera kukhala filimu, ukaionetsetsa umaona posokapo. Ine lamulo langa pa shopu: ndisanadawunilode part ina ndimayamba ndaona ngati inapita ku sinema komanso ngati oyankhula ndi omwewo. Bandulo ndi yodula kuti uziitayira pa zinthu zoti palibe adzabenetse.

Madala a ku Zolozolo: Oyankhula omwewo kapena ena, DJ akayankhula pamwamba ndani akumva? Mwaona kuti mukubwera komwe ndili ine?

Gift wa pa Depoti: Kkkkk madala simugonja.

Chikondi, Mchengautuwa: Koma tisanamizane kuti part ya kumapeto iliyonse ndi yoipa. Madagascar 3 ya 2012, ya sekasi ija, kwa ine imadzaza kuposa 1 ndi 2, ana amaimba nawo mpaka panja. Puss in Boots ya 2022 ndi yabwino kuposa ya 2011 kutalitali. Toy Story 2 nayo poyamba inali yoti ingotulukira pa tepi, Pixar anaikonzanso n'kuipititsa ku sinema mu 1999, ndipo mpaka pano ndi yolimba. Ndiye nambala yokha siikuuza kanthu.

Mayi a Wongani, Luwinga: Puss ya 2022 usaike kwa tating'ono. Mmbulu wa maso ofiira woimba mluzu uja, mdzukulu wanga anakana kupita kuchimbudzi yekha usiku. Kholo likabwera kudzafunsa uyankha kuti chiyani?

Chikondi, Mchengautuwa: Pamenepo ndavomera mayi. Iziikidwa show yachiwiri, ya akuluko.

Mada, Chibavi: Nanga Kung Fu Panda? Ndili nazo zinayi.

Tione, Katoto: 2008, 2011, 2016 ika. Ya 2024 anzake asanu aja a Po (panda mwini filimu), Tigress ndi gulu lake, amangoonekera pang'ono kumapeto, ndiye ngati ana ako anafunsa za gologolo adzafunsanso za amenewo. Uwachenjeze pakhomo asanalipire.

Gift wa pa Depoti: Uonetsetsenso kuti ndi Kung Fu Panda yeniyeni. Pali zabodza za ku Brazil, The Little Panda Fighter ndi ina ya khoswe yotchedwa Ratatoing, anazipanga kuti anthu azisokoneza ndi zenizeni. Ine mnyamata wina anandikopera foda yonse kuchokera pa laputopu yake, mafayilo anawalemba Panda 5, Panda 6. Nditatsegula ndinapeza chimbalangondo chouma ngati chamatabwa, pakamwa pakuyenda mawu akubwera pambuyo. Fodayo inabweranso ndi vayirasi ya ma shortcut, mafulashi a makasitomala onse a tsiku limenelo ndinachita kufomata. Musamakope kwa aliyense musanasikane.

Madala a ku Zolozolo: Ngakhale imeneyo ya matabwa, mutandipatsa DJ amene ndikumudziwa ine, idzaza.

Chikondi, Mchengautuwa: Madala, ndiye tipatseni nambala ya DJ ameneyu, takhala tikumumva kuyambira m'mawa.

Madala a ku Zolozolo: Anapita ku Joni. Koma alipo ena.

A Mhango, Chiputula: Ine ndingokumbutsa zina zimene simukuzitchula. Holide ana akachuluka m'mawa, phokoso limakoka anthu oyendera. Mapepala ako a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi mafilimu, ndi a Censorship Board, oyang'anira zoyenera kuonetsedwa, akhale pakhoma, osati m'chikwama kunyumba. Chachiwiri, bolodi la panja. Ambirife timasiya mapositala a usiku pomwepo, mfuti ndi magazi ndi zina zija, ndiye kholo likuperekeza mwana likuona zimenezo. Tembenuza bolodi kapena ukhale ndi lina la ana. Chachitatu, sukulu ikatsegulira mwana wa yunifomu asalowe nthawi ya kalasi, kaya walipira kawiri. Ndipo zolemba Part 6 pomwe si Part 6 zija usiye, ana a masiku ano amaona matirela pa foni za azikulu awo, akudziwa kuposa ife.

Mada, Chibavi: Yewo adada. Mapepala alipo. Ndiye mukuti ndisamatsatize ma part?

Chikondi, Mchengautuwa: Ine sinditsatiza. Ukatsatiza ukulonjeza kuti ya mawa iposa ya lero, pomwe ukudziwa kuti ikutsika. Sakaniza. Lolemba Panda 1, Lachiwiri Madagascar 3, Lachitatu Lion King ya 1994, choncho. Ndipo kubwereza si tchimo, mwana amalipira kuonera yomwe akuidziwa kale kuti aziuza mnzake zomwe zichitike. Magetsi akakhala okayikitsa ndimaika Tom and Jerry, tizidutswa ta mphindi 7, akathima palibe wonena kuti filimu sinathe.

Madala a ku Zolozolo: Tom and Jerry yokhayo ndiye siifuna womasulira. Zinazo zonse zikufuna.

Gift wa pa Depoti: Ponena za magetsi, a Chikondi inveta yanu ija ikukoka TV ndi amplifaya limodzi? Yanga ikulira ndikangokweza sawundi.

Chikondi, Mchengautuwa: Batire lanu ndi la ma amp angati? Ngati ndi la galimoto silichedwa kutsika, pezani la sola. Komanso amplifaya yanu ija ndi yadyera, yesani kuchotsa sabuwufa muone.

Gift wa pa Depoti: Ndikachotsa sabuwufa a mpira adandaula kuti komentare sikumveka kunja, ndiye amene amakoka anthu.

A Mhango, Chiputula: Alipo amene ali ndi rimoti yapadera ya dekoda? Yanga ana anakhalira, mabatani a voliyumu alowa m'kati. Ndikhala m'tauni mawa cha m'ma 10, mbali ya ku Taifa.

Mayi a Wongani, Luwinga: Ndili nayo koma chotsekera mabatire chinasowa, mudzamanga ndi labala.