Zija za mwana wanga wokodza magazi, yankho lapezeka

Abale anga, mwezi watha ndinafunsa za mwana wanga wa zaka 9 amene ankakodza magazi tili kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare. Ena munati ndi kukula kwa mwana wamwamuna, ena munati ndithamangire kuchipatala. Ndinamvera achiwiriwo, ndipo ndikuthokoza Mulungu.

Atayeza mkodzo, anapeza mazira a likodzo. Namwino anandifunsa ngati mwanayu anasambako m'madzi odikha. Apo ndinakumbukira kuti pa Khirisimasi tinali kumudzi ku Mangochi, iye tsiku lililonse ali m'nyanja ndi anzake. Tizilombo toyambitsa likodzo timakulira mu nkhono zam'madzi, tikatuluka timaboola khungu la munthu n'kulowa m'magazi. Tikakhwima timaikira mazira pafupi ndi chikhodzodzo, ndipo mazirawo ndi amene amavulaza mkati mpaka magazi kutuluka. Kukhwimako kumatenga nthawi, nchifukwa chake zizindikiro zinachedwa, tinali titabwerera kale ku Harare.

Anamuika pa sikelo n'kumupatsa mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel molingana ndi kulemera kwake, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse, amwe atadya. Tsiku limenelo anadandaula m'mimba ndi chizungulire, mawa lake anali bwino. Pano mkodzo wayera.

Chimene chandiwawa n'chakuti ndinazengereza milungu iwiri. Likodzo likakhalitsa limawononga chikhodzodzo ngakhale impso. Sililowa chifukwa chodyera mbale imodzi, koma mlongo wake amene ankasamba naye ndikupita naye Lolemba kukayezetsa, ngakhale sakudandaula kalikonse.