Gulu la Adzukulu a Nabanda: za sukulu ya Tiyamike

Chikondi: Mwadzuka bwanji nonse. Ndikubwerezanso nkhani ija, Tiyamike amutenga ku Chanco ku Zomba kukachita Masters ya Economics, ndiye pofika pa 30 tikufunika 1.6 mita ya gawo loyamba la fizi, kanyumba ndi laputopu. Omwe apereka mpaka pano: ine 300,000, azakhali a ku Dwangwa 150,000, Esnart 50,000. Enanu muli ziii koma ndikuona kuti mwawerenga

Atsibweni Yusufu: Ine funso langa ndi limodzi. Mwanayu digiri ali nayo kale, tinapita tonse ku Zomba kukamuvinira atavala gauni. Bwanji osayamba kaye ntchito?

Esnart: Atsibweni ntchitoyo ili kuti? Zaka ziwiri akuponya makalata, pano akuphunzitsa masamu pa sukulu ya pulayiveti pa boma pomwepa malipiro ake sakwana ndi thumba la feteleza lomwe

Azakhali a ku Dwangwa: Zikomo Chikondi poyendetsa bwino. Bola ulendo uno kope lake lioneke, tisadzafunsane ngati nthawi ija

Madalitso: Nthawi iti azakhali

Azakhali a ku Dwangwa: Mwini wake akudziwa

Chikondi: Chonde za chiliza tinatseka, tisabwerereko

Tiyamike: Zikomo makolo anga nonse. Atsibweni ndiyankheko pang'ono. Malo omwe ndikufuna kugwirako ngati ku Reserve Bank, ku unduna wa zachuma kapena m'mabungwe ofufuza, a digiri yoyamba timakhala ambirimbiri pa mzere ndiye amayamba kuyang'ana a Masters. Sukuluyi ndi ya zaka ziwiri. Chaka choyamba ndi microeconomics, za momwe banja kapena bizinesi imasankhira pogula ndi pogulitsa, macroeconomics za dziko lonse monga kukwera kwa mitengo ndi mphamvu ya kwacha, komanso econometrics, masamu oyezera ngati chinthu china chikuchititsadi chinzake kapena zangochitikira limodzi. Kenako umasankha mbali yako, kaya za ulimi, za umoyo, za misonkho ndi bajeti ya boma, za mabanki, n'kumaliza ndi kafukufuku

Atsibweni Yusufu: Zonsezo ndamva. Koma digiri ali nayo kale

Amayi aang'ono Mariamu: Ndiye ukamaliza utiuze chifukwa chake shuga amapangidwa pa Dwangwa pompa koma ife timamugula modula ngati wachokera ku Dubai

Tiyamike: Mayi zimenezo ndi zomwe timaphunzirazo. Mukukumbuka mu November 2023 kwacha atayigwetsa ndi 44%, pomwe mu May 2022 anali atayigwetsa kale ndi 25%? Mafuta, feteleza, zitsulo za makina zonse timagula kunja ndi madola, ndiye ngakhale nzimbe ndi zathu mtengo umakwerabe

Madalitso: Feteleza musanene, ine chaka chino ndangodzala chinangwa basi kondowole sanama

Esnart: Mwamva kuti ng'ona yavutanso ku Chia? Akuti yagubuduza bwato la anyamata ena dzulo madzulo

Amayi aang'ono Mariamu: Mayo ine. Apulumuka?

Esnart: Apulumuka onse koma ukonde wapita

Madalitso: Ukonde masiku ano ndi ndalama zambiri, ifenso tinali nawo wathu pakhomo paja mpaka lero sitidziwa unalowera kuti

Atsibweni Yusufu: Madalitso ukamalankhula uzikumbukira kuti pagulu pano pali akuluakulu

Chikondi: Abale tabwererani ku nkhani. Madalitso unati 100,000 pa Sabata, Gift sunayankhe chilichonse chiyambireni, alamu a ku Salima munati mutumiza mukalandira za mtedza

Alamu a ku Salima: Ndilipo mlamu, netiweki kuno ku Khombedza ikuvuta. Ogula mtedza anatenga pa ngongole akuti Lachisanu, ndikangolandira ndiponya 80,000 pa nambala yanu ija

Azakhali a ku Dwangwa: Nanga Gift wa ku Johannesburg? Pa Facebook ndiye tikumuona tsiku ndi tsiku ndi nsapato zatsopano

Esnart: Wawerenga 9 koloko, wangodutsa

Chikondi: Za laputopu ndifotokoze poti ena mumafunsa kumbali. Yomwe ali nayoyo ndi ija ndinamusiyira ine, sikirini inang'aluka pakona, chivindikiro amachita kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga kuti chisagwe, ndipo ukangochotsa pa magetsi yazima. Ndinamupeza mwezi watha akuwerenga atayitsamiritsa ku ndowa ya mpunga. Sangapite nayo ku Zomba imeneija

Tiyamike: Eya achimwene, ndipo tizigwiritsa ntchito pulogalamu ya Stata ndi mafayilo akuluakulu a kafukufuku wa m'makomo wa NSO, ofesi ya boma ya ziwerengero, wotchedwa IHS, imeneija singakwanitse. Kafukufuku wanga ndikufuna akhale wa mpunga wa kwathu konkuno ku Bua. Agogo amagulitsa kwa mavenda mu June mpunga utangochoka m'munda pa mtengo wolira poti ngongole ya ganyu yawapanikiza, kufika January mpunga womwewo tikukagula pa msika modula kwambiri. Ndikufuna ndiwerengetse kuti mlimi amataya zingati pa thumba, ndiponso akanakhala ndi posungira kapena kangongole kakang'ono ka kopaletivi zikanasintha bwanji

Amayi aang'ono Mariamu: Apo ndiye wandigwira mtima mwanawe. Mavenda aja ndowa zawo amachita kuziwotcha pansi kuti zikule, ine ndinaona ndi maso angawa. Chikondi lemba 60,000 nditumiza pa Mpamba madzulo ano

Atsibweni Yusufu: Za mpunga sitifunika Masters, ine ndalima mpunga zaka 30. Ndikuti ayambe kaye ntchito

Azakhali a ku Dwangwa: Achimwene, ana a ena tinawathandiza mpaka ukwati, palibe anafunsa funso

Atsibweni Yusufu: Ana a ndani

Azakhali a ku Dwangwa: Ndangonena

Madalitso: Nanga sikolashipu palibe? Ndimamva zoti a economics amapita ku Nairobi

Tiyamike: Ndi bungwe la AERC limenelo, lothandiza maphunziro ndi kafukufuku wa economics mu Africa, likulu lake lili ku Nairobi ndipo Chanco ili nawo mu pulogalamu yawo ya Masters, maphunziro osankha aja amayendetsa ndi iwowo. Ndifunsira thandizo kulikonse komwe ndingathe koma poyambira penipenipa ndi pomwe ndagwada kwa inu makolo. Loweruka ndi Lamlungu ndizikaphunzitsa ana masamu ku Zomba komweko kuti chakudya ndizidzipezera ndekha

Esnart: Ndili kwa agogo pano ndawawerengera zonse. Amasula mfundo ya pa chitenje paja atulutsa 20,000 ya abakha awiri anagulitsa Lachiwiri, akuti lembani dzina lawo pamwamba

Chikondi: Ndalemba. Agogo 20,000, amayi aang'ono 60,000 madzulo, alamu 80,000 Lachisanu. Zikalowa zonsezi tifika 660,000, kutsala 940,000. Madalitso?

Madalitso: Ndiyamba ndi 40,000 mawa inayo kumapeto kwa mwezi

Chikondi: Gift?

Atsibweni Yusufu: Lemba 120,000, ndigulitsa matumba atatu Lolemba. Koma funso langa lija palibe wandiyankha bwinobwino

Esnart: Gift watuluka pagulu

Azakhali a ku Dwangwa: Chikondi mubwezemo, ndipo unditumizire nambala yake ya ku Joni ndimuimbira ndekha usiku uno