Mwana wakhoza ndi mapointi 9, skolashipu timaipeza kuti?

Nachisale_Area25: Abale ndithandizeni nzeru, mwana wa achemwali anga wakhoza MSCE ndi mapointi 9 pa CDSS ina konkuno ku Lilongwe, kusukulu anangomuombera m'manja pa asembule basi, ife ndalama za ku yunivesite tilibe, ana okhoza chonchi amathandizidwa kuti?

Mphunzitsi_waKawale: Mayi, 9 pa CDSS si masewera, mwanayo ndi katakwe, poti pamwamba penipeni ndi 6. Koma musadikire kuti akufunafuneni, MANEB ntchito yake ndi mayeso basi. Alembere malo a ku yunivesite kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, akasankhidwa kaya ku yunivesite ya LUANAR kaya ya KUHeS apemphe ngongole ku HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a ku yunivesite, ndi ngongoletu osati mphatso, adzabweza akamaliza.

Chigwiri_boy: ndi mtsikana? Zodiak imapereka mphoto kwa atsikana okhoza bwino MSCE, komanso CAMFED imathandiza atsikana ovutika, kafunseni kwa ahedi.

Nachisale_Area25: Ndi mnyamata achimwene, zikomobe.

MaiBiwi: Zimandiwawa ine, ana a pa CDSS amawerengera tochi, labu kulibe, buku limodzi ana khumi koma akakhoza palibe owatchula. Pitaninso ku ofesi ya Social Welfare kwa DC mutatenga zotsatira zake, musachite manyazi.