Ngongole ya aNabanda ndi ndalama za m'thumba la zadzidzidzi

aNaphiri (wapampando): Amayi a gulu lathu la banki m'khonde, nkhaniyi isadikire msonkhano wa Lachinayi, tiyambiretu pano. ANabanda atuluka m'chipatala, opaleshoni ya khansa ya bere yayenda bwino. Koma ngongole yawo ya K80,000 yadutsa tsiku, misonkhano ajomba inayi, komanso m'thumba la zadzidzidzi mwatuluka K30,000 yowathandizira. Tilankhule mwaulemu.

aNachisale: Ine ndiyambira pa thumbalo. Amsungichuma, K30,000 ija inatuluka atavomereza ndani? Enafe tangomva m'njira.

aNamoyo (msungichuma): Osunga makiyi onse atatu analipo, ndipo alembi analemba m'buku. Mwana wawo anabwera usiku, mayi ake akufunika kuchipatala m'mawa mwake, yoyendera palibe. Ndikanamuuza kuti adikire msonkhano? Tsiku la opaleshoni likakuphonya, lina silipezeka msanga, matendawo akupitirira.

aNachisale: Kuthandiza sindikukana ayi. Koma bambo akunyumba atagonekedwa chaka chatha munandipatsa K10,000, mwati malamulo amatero. Chindapusa chojomba ndinalipira ndili pa ugadiyani. Lero malamulowo apita kuti?

aNankhoma: Ine ndachokera komweko masana ano. Mukanawaona anzathuwa, mawu ena simukanalankhula. Anawachotsa bere lonse pamodzi ndi tianabere ta m'khwapa. Atuluka ndi kapaipi kotulutsa madzi pabala, kabotolo kake akuyenda nako m'manja. Mkono wamanja sukukwera kufika pamutu, kuvala bulauzi akuchita kuthandizidwa ndi mwana. Adokotala awaletsa kunyamula zolemera kwa masabata angapo, pomwe geni yawo ndi yosenza katundu. Ndipo ulendo sunathe. Bala likapola ayamba kemo, mankhwala a m'diripi aja amene kawirikawiri amaperekedwa pakatha masabata atatu alionse, kwa miyezi ingapo. Amafoola, amachititsa nseru, tsitsi limathothoka. Ndiye chiwongoladzanja cha 20 peresenti mwezi ndi mwezi achitenga kuti? Ndiuzeni.

aNangozo (mlembi): Ndatsegula buku la malamulo. Membala wogonekedwa amalandira K10,000. Wodwala amene watumiza uthenga salipira chindapusa, ndipo aNabanda uthenga anatumiza. Za gadiyani malamulo sanena kanthu, n'chifukwa chake aNachisale analipira. Za kuimitsa chiwongoladzanja mulibenso.

aNazimbiri: Ndiye kuti K20,000 yapyola malamulo. Imeneyo ndi mphatso kapena ngongole? Tinenetu. Komanso chiwongoladzanja chimene mukufuna kuimitsacho ndi phindu la tonse pogawana mu Disembala. Ine fizi ya ana ndimadalira pamenepo, musandione ngati wouma mtima.

aNankhoma: Palibe akukuonani choncho, achemwali. Koma mukachisiya chiziyenda miyezi isanu ndi umodzi, chidya masheya awo onse, atuluka m'gulu chimanjamanja ali pa mankhwala.

aNangozo: Masheya awo akwana K95,000. Mpamba wa ngongole tikhoza kudula pamenepo pogawana, ndalama ya gulu sitayika.

aNachisale: Chabwino, imitsani. Koma zilembedwe m'malamulo kuti zigwire aliyense, gadiyani yemwe. Zisamatengere kuti wadwala ndi mnzake wa ndani. Ndipo chindapusa changa chija mundibwezere.

aNamoyo: Za chaka chatha tinagawana kale, buku linatsekedwa. Nditenga kuti?

aNachisale: Kumene munatenga K30,000.

aNaphiri: Basi, amayi, pamenepo tisapitirire. Lachinayi tivota zinthu zitatu: kuimitsa chiwongoladzanja kuyambira tsiku limene anagonekedwa, K20,000 ija ngati ibwezedwe popanda phindu kapena ayi, ndi lamulo la gadiyani. Dandaulo la aNachisale lilowa pomwepo.

aNankhoma: Pomwe mukudikira voti, ntchito ilipo. Kuchapa, kutunga madzi ndi kuwaperekeza kokachotsa kapaipi. Mwana uja ali ndi sukulu, sangathe yekha. Wopita kukawaona asakapemphe kuona bala, asakayambenso nkhani za anthu amene anamwalira ndi khansa. Akayamba kemo, wa chimfine kapena chifuwa asapiteko, chitetezo cha m'thupi chimatsika. Mukapeza bala lafiira, likutuluka mafinya, kapena thupi latentha, musadikire mawa, pitani nawo kuchipatala.

aNazimbiri: Ndilembeni Lachiwiri. Koma pa K20,000 ija ine ndivota kuti ibwezedwe.

aNaphiri: Ndi ufulu wanu. Alembi, ikani mndandanda wa masiku pano madzulo ano. Osunga makiyi musachedwe Lachinayi, tiwerengera thumba lonse pamaso pa aliyense.