Kanema wa mlatho uja akudumphadumpha, tichite bwanji?

Wapampando: Mwaswera bwanji nonse. Kanema wa mlatho wa kumudzi tamuonera dzulo ku Limbe, koma amayi osenza mchenga akuyenda modukiza, ngati chithunzi chikukodwa. Loweruka tikuyenera kumutumiza kwa anzathu a ku Johannesburg omwe akusonkha ndalama za simenti. Odziwa za makamera, tiuzeni: tijambulenso kapena akonzeka?

Achimwene a ku Ndirande: Bambo wapampando, vuto lili posakaniza. Kamera inajambula mafelemu (zithunzi zotsatizana zomwe zimapanga kanema) 25 pa sekondi, mafoni anajambula 30. Mukaika 30 pa timeline (mzere wolumikizirapo kanema mu pulogalamu) ya 25, kompyuta imataya felemu imodzi pa zisanu ndi chimodzi zilizonse, ndiye phazi limadumpha kasanu pa sekondi. Malo opanda mawu, musataye felemu: uzani pulogalamu iwerenge 30 ngati 25. Anthu aziyenda mochedwerako pang'ono, koma mosalala. Pomwe agulupu akulankhula musatero, milomo isiyana ndi mawu.

Achemwali a ku Chilomoni: Zoona, koma mwaiwala shutter, nthawi yomwe kamera imalola kuwala kulowa pa felemu iliyonse. Zina mwa zithunzizo ndi za 25 yeniyeni, komabe zikuoneka zouma. Dzuwa la masana limakakamiza kamera kukweza shutter mpaka 1/3200 ya sekondi, felemu iliyonse imatuluka yakuthwa, yopanda kachimbuuzi kamene diso linazolowera m'mafilimu. Pa 25 shutter ikhale 1/50 basi. Kuti kuwala kusapse, pamafunika fyuluta ya ND64, galasi lakuda loika kutsogolo kwa lenzi, imachepetsa kuwala ndi masitopu 6 (sitopu iliyonse imadula kuwala pakati), ndendende kuchoka pa 1/3200 kufika pa 1/50. Zimenezi pa kompyuta sizikonzeka bwino. Ine ndikuti tijambulenso.

Msungichuma: Kujambulanso ndi thiransipoti ya anthu awiri kuphatikiza fyulutayo. Ndalama ya m'thumbamu ndi ya simenti, abale.

Achemwali a ku Chilomoni: Ndiye tijambule m'mawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka, ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) ikhale yotsikitsitsa, aperture (kabowo kolowera kuwala mu lenzi) titsekeko mpaka f/11. Fyuluta tikhoza kubwereka.

Malume a ku Bangwe: Wina anandiuza kuti tiike 24 poti ndiyo ya mafilimu. Ayi. Magetsi athu ndi a 50Hz, mababu amaphethira ka 100 pa sekondi. Msonkhano wa m'tchalitchi uja uli ndi mizere yakuda yoyenda chifukwa foni inali pa 30 ndi shutter ya 1/60. Pa 25 ndi 1/50 mizereyo siibwera, ndipo wailesi za kanema kuno zimayendera 25 yomweyo. A iPhone, pitani ku Settings, Camera, Record Video, muyatse Show PAL Formats kuti 25 ipezeke. Ofuna madzi a mumtsinje aziyenda pang'onopang'ono ajambule 50, osati 60. 50 imagawika bwino pawiri.

Achimwene a ku Ndirande: Chinanso, mafoni amasinthasintha liwiro la mafelemu paokha, ndiye mawu amathawa chithunzi. Musanayambe kudula, dutsitsani mafayilo mu pulogalamu ya HandBrake, musankhe Constant Framerate kuti liwirolo lisamasinthe. Optical Flow ya mu pulogalamu yodulira kanema ya DaVinci Resolve, yomwe imapanga mafelemu apakati, imathandiza pa kudumphadumphako, koma pa mikono ikugwedezeka ndi nsungwi za m'mbali imapinda zinthu ngati phula. Komanso wojambula asamakoke kamera mwachangu: chinthu ngati mtengo chitenge masekondi asanu ndi awiri kuchoka mbali ina ya chithunzi kufika inayo.

Mlembi: Potumiza pa WhatsApp, atumizidwe ngati document, apo ayi amufinya mpaka ntchito yonseyi iwonongeke.

Wapampando: Chabwino. Zolankhula za agulupu zokha tijambulenso Lachinayi m'mawa, zinazo achimwene muzikonze. Ndani ali ndi tripod yoti tibwereke?