Theka la 401(k) ukwati utatha: bambo akufuna kungolemba cheke

Wowerengera misonkho: Anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kasitomala kuno ku America, mayi wa zaka 47, ukwati wawo watha mwezi wathawu. Chigamulo cha khoti chikungoti alandire "theka" la 401(k) ya bambo (akaunti ya penshoni ya kuntchito) ndi theka la IRA ya bamboyo (akaunti ya penshoni imene munthu amatsegula payekha). Sitetimenti ya 401(k) ikuonetsa $180,000, koma mkati mwakemo muli ngongole ya $20,000 imene bamboyo anabwereka ku akaunti yomweyo. Tsopano bambo akuti za maloya zawatopetsa, angotapa okha ndalamazo n'kuwalembera mayi cheke. Mayi avomera kale, poti akufuna $15,000 msanga yolowera nyumba ina. Ine mtima ukukana, koma Lachinayi ndiyenera kuwauza zomveka.

Mlembi wa kwa loya: Achimwene, cheke chimenecho musachilole. Bambo akatapa okha, IRS, bungwe la boma lotolera misonkho, iona ngati ndalama zonsezo ndi zawo: msonkho ugwera iwo, kuphatikizapo chindapusa cha 10 peresenti ngati sanakwane zaka 59 ndi theka. Pa $80,000 (theka la zotsala mukachotsa ngongole ija), chindapusa chokhacho ndi $8,000 yongotaya. Ndiponso ngati akadali pa ntchito pakampanipo, pulani zambiri za 401(k) sizilola n'komwe kutapa chonchi. Njira yake ndi QDRO, pepala la khoti lolamula oyang'anira pulani kuti apereke gawo la ndalamazo kwa mayi. Lamulo la penshoni la ERISA la 1974 linaletsa kupatsa munthu wina ndalama za penshoni ya mnzake, ndiye mu 1984 anatsegula khomo la QDRO limeneli. Chigamulo cha chisudzulo pachokha oyang'anira pulani sachigwiritsa ntchito pokhapokha chitakhala ndi zonse zimene QDRO imafuna.

Wowerengera misonkho: Zikomo achemwali. Ndiye tikonze ziwiri, ina ya IRA?

Mlembi wa kwa loya: Ayi, IRA siifuna QDRO. Mungopereka chigamulo ku kampani yosunga ndalamazo, adzaze mafomu awo, asamutse kuchoka ku IRA ya bambo kupita ku IRA ya mayi, osadutsa m'manja mwa munthu. Gawo 408(d)(6) la lamulo la misonkho ndi limene likuphimba zimenezo. Palibe msonkho.

Akauntanti wamkulu: Zonse anenazi n'zoona, koma ine pandiima mutu ndi pa mawu akuti "theka". Theka la chiyani, la tsiku liti? Mukawerengera ngongole ija, mayi alandira $90,000. Mukaichotsa kaye, alandira $80,000. Pakati apa pagona $10,000, ndipo aliyense mwa awiriwa mumtima mwake ali ndi nambala yake. Ngongoleyo imatsala kwa bambo, siisamuka, ndiye QDRO inene poyera kuti ikuwerengeredwa kapena ayi. Funsani kuti anaigulira chiyani. Ngati inakonza denga la nyumba ya banja, nkhani ina. Ngati inagula galimoto imene bambo atsala nayo, nkhani inanso.

Kenako tsiku. Ndalamazi sizigona pansi ngati za mu chikwama, zili pa msika, zimakwera n'kutsika. Kuchoka tsiku la chigamulo kufika tsiku limene adzazisamutse pakhoza kupita miyezi ingapo. Mukapanda kulemba kuti gawo la mayi litenge phindu ndi kuluza kwa nthawi imeneyo, mmodzi adzalira. Ndinaionapo fayilo ina imene analembamo nambala yokhazikika, msika n'kugwa pepala lisanasainidwe. Bambo anatsala ndi zochepera theka, anabwera mu ofesi atanyamula masitetimenti mu jumbo, kuloza mzere uliwonse ndi chala ngati ndalamazo ndadya ine.

Funsaninso ngati bambo anayamba kusunga asanakwatire. Zimenezo zimadalira lamulo la dera limene asudzulirana, Texas ndi New York sagawa mofanana, ndiye siyirani maloya.

Wa ku HR (ofesi yoona za ogwira ntchito): Ine ndimakhala mbali yolandira mapepalawa. Chonde pemphani kwa oyang'anira pulani malamulo awo a QDRO, ambiri ali ndi chitsanzo chawo. Tumizani zolemba zanu aziunike jaji asanasaine. Ambiri amene amabwezedwa, cholakwa chake n'chaching'ono zedi: alemba dzina la kampani m'malo mwa dzina lenileni la pulani. Basi, kubwereranso kukhoti, kulipiranso. Ndipo musazengereze. Bambo akakwatiranso n'kumwalira pepala lisanafike, mkazi watsopanoyo lamulo limamuikira kumbuyo, mlandu wake umakhala wautali.

Wowerengera misonkho: Ndamva. Nanga $15,000 ija? Ndimaganiza zonse zilowe kaye mu IRA yawo, atape kumeneko.

Akauntanti wamkulu: Aa, bwana, pamenepo ndiye mukanawapweteka! Mayi akatapa molunjika kuchoka ku 401(k) kudzera mu QDRO, chindapusa cha 10 peresenti palibe, ngakhale ali ndi zaka 47. Koma zikangolowa mu IRA, mwayi umenewo watha. Atape kaye zimene akufunazo, zotsalazo ndiye zisamukire ku IRA. Msonkho wamba wokha salipewa, ndipo pulani idzadula 20 peresenti pomwepo. Kuti $15,000 ifike m'manja, apemphe $18,750, kuonjezapo pang'ono ngati dera lawo nalonso limadula. Akanatapa yomweyo ku IRA, chindapusa chikanakhala $1,875.

Mlembi wa kwa loya: Onaninso ngati mbali ina ya 401(k) ndi ya mtundu wa Roth. Dola ya Roth inalipiridwa kale msonkho, inayo ayi. Agawane mtundu uliwonse pakati, wina asatenge mnofu wina mafupa.

Wowerengera misonkho: Ndatsegulanso sitetimenti, Roth ilipodi, $22,000, tsamba lachitatu pansi penipeni. Ndawaimbira mayi, ndawauza asalandire cheke. Ngongole ija akuti inagula galimoto ya bambo, ndiye loya wawo akalimbikira $90,000. Mawa m'mawa ndipempha chitsanzo cha QDRO ku pulani.

Wa ku HR: Mukamapempha, afunseninso kuti amadula zingati pounika pepalalo, ndipo mulembe kuti alipira ndani.